Mapepala Awiri pa Chulu

MUTU 7

1. Atsekwe m'munda

Atsekwe analowa m'munda wa a Makina Lachitatu m'mamawa. Pofika Lachisanu, ndime ya kumunsi, ija yoyandikana ndi bango, inali itatha. Ngala zonse za mpunga zinali zitapululidwa.

A Makina sanazione zimenezi ndi maso. Anawerama n'kupapasa ndi manja, phesi ndi phesi, kenaka anaweramuka n'kupukusa mutu.

Bambo ameneyu kale anali mlenje wa mbalame wodziwika dambo lonse la Chilwa, mbali ya ku Phalombe kuno. Koma zaka zitatu zapitazo maso awo anachita ng'ala. Poyamba ankaona ngati kunja kuli chifunga, kenaka chifungacho chinatsekeratu. Anasiya ulenje n'kuyamba kuluka miono yogwirira nsomba, ndipo asodzi ankachita kuilimbirana. Kunena zoona, zala za a Makina ndizo zinkadyetsa banja lonse.

Za maso, anali ndi Rozaria. Mwana wawoyu anali ndi zaka 16 ndipo ankaphunzira Fomu 3. Uthenga ukabwera pafoni, wowawerengera anali iye. Kalata ya kutchalitchi, iye. Paulendo, dzanja la bambo linkakhala paphewa la mwana. Chinthu chimene Rozaria wanena kuti n'chofiira, kwa a Makina chinali chofiira basi, osafunsanso kawiri. Amayi ake, a Belita, sabata imeneyo anali atawolokera ku Mozambique kukapikula chinangwa chouma, choncho pakhomo panatsala anthu awiriwa.

"Tikangokhala manja lende, chaka chino tikolola matope," anatero a Makina. "Zitini zathu zowaopsezera zija atsekwe azizolowera. Apa pakufunika mfuti, ndipo wowombera ndiwe."

Rozaria sanadabwe. Abambo ake anamuphunzitsa kulunjika ali ku Sitandade 6, maso awo asanafe. Kungoti mfuti yawo yakale inali itaduka sipuling'i, ndipo inali kungochita dzimbiri kudenga.

Mfuti ya mbalame yotereyi siidya onga. Mphamvu yake ili mu sipuling'i yomwe ili m'kati. Umaithyola pakati, kukokera mpope wake pansi mpaka utamva kuti kha! Apo ndiye kuti sipuling'i yagwira. Ukatero umalowetsa kachipolopolo ka mtovu pakamwa pamene patseguka, n'kubweza mpope m'malo mwake. Zimamveka zophweka munthu akamafotokoza atakhala pansi.

2. Mawu a panjira

Loweruka m'mawa ananyamuka kupita kudoko, kumene wamalonda wina dzina lake Goodman anali atabwera ndi mfuti ziwiri. Za mtengo anali atamvana kale pafoni: mbuzi imodzi yaikazi, mfuti imodzi. Rozaria ankakoka mbuziyo ndi dzanja lamanzere, abambo ake atamugwira phewa lamanja.

Atadutsa mjigo wa pasukulu, a Makina anayamba.

"Tamvera bwino, mwanawe, chifukwa tikafika kuja kukhala phokoso. Mfuti sasankha ndi maso. Maso amakonda chonyezimira. Mfuti amasankha ndi mkono. Imene sungathe kuithyola wekha, popanda kukukuta mano, imeneyo si yako, ngakhale atakupatsa ulele. Kumunda ulibe wokuthyolera. Ine ndidzakhala pambali pako, koma ndine khutu chabe.

"Anyamata a masiku ano amafuna yolira kwambiri. Amati yamphamvu ndiyo yopha. Bodza limenelo. Sipuling'i yaikulu imakankha, imadumpha m'manja chipolopolo chisanatuluke, ndipo ukapanda kuizolowera umangovulaza mbalame n'kuisiya ikafere m'bango. Kumeneko si kusaka, ndi nkhanza. Ine zaka makumi awiri ndinasaka ndi kamfuti kopepuka, ndipo ndiwo sizinkasowa pakhomo paja. Chinsinsi ndi kuyandikira ndi kulunjika, osati phokoso.

"Ndiye tikafika, ung'ambe mapepala awiri m'kope mwakomo. Uwakhome pachulu, chifukwa chulu chimameza chipolopolo. Usadzayerekeze kuwombera choyang'ana pamadzi. Kachipolopolo kamadumpha pamadzi ngati kamwala, ndipo m'mpungamo mumakhala amayi owerama amene sungawaone. Uime mapazi makumi awiri. Mfuti iliyonse, zipolopolo zisanu, pepala lakelake. Ukatha undibweretsere mapepalawo ndiwapapase. Pepala silikondera munthu."

Kenaka anafinya phewa la mwana wawo.

"Koma chachikulu ndi ichi. Mfuti yothyoledwa ndi msampha wotchera. Ukayamba kukoka mpope, usautaye mpaka wamva kuti yagwira, ndipo ngakhale itagwira, dzanja limodzi lisachoke pampope. Ukautaya pakatikati umabwerera ndi mphamvu yonse ya sipuling'i. Mnzanga Mavuto, tinkasaka limodzi, lero amadya phala lokhalokha. Mpope unamupeza pachibwano, mano anayi pansi. Ndiye ikakukanika, nena mokweza kuti yandikanika, aliyense atalikire. Palibe manyazi pamenepo. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anamvadi. Rozaria sanali mwana wamwano ayi, ndipo zimenezi n'zimene zimandiwawa ndikamafotokoza nkhani yake.

3. Mfuti ziwiri

Kudoko kunali anthu ambiri. Asodzi ena ankasoka maukonde, ena ankadikira mabwato a matemba. Goodman anali atayala chiguduli pansi pa mtengo, mfuti ziwiri zili gone pamenepo.

Ina inali yaing'ono, mtengo wake wofwifwa chifukwa chogwiridwa ndi manja ambiri. Inayo, abale inu! Yakuda bii, yaitali, pamwamba pake pali galasi loonera patali. Dzuwa likaimenya inkachita kuthobwa m'maso.

"Mdala wafika!" anafuula Goodman. Anali munthu wa pakamwa pokoma, wovala magalasi akuda ngakhale ali pamthunzi. "Takulandirani, akuluakulu. Sankhani nokha. Iliyonse mwa ziwirizi, mbuzi yomweyo."

A Makina anakhala pabwato lovundikira n'kulandira mfutizo imodziimodzi. Anazipapasa kuyambira kumpope mpaka kutsinde. Yaikuluyo anaikweza m'manja kawiri.

"Achimwene, iyi ndi yatsopano, iyi ndi yakale. Nanga mtengo ukhala bwanji umodzi?"

"Ndi ulemu wanu, mdala. Dzina lanu ndi lalikulu kuno."

"Hmm," anatero a Makina. Zoona zake zinali zakuti mfuti yaikuluyo Goodman anali atayenda nayo madoko atatu, ndipo aliyense woiyesa ankaibweza chifukwa cha kulimba kwake.

Asodzi anayamba kusonkhana. Atamva kuti wowombera ndi mtsikana, kuseka kunabuka.

"Iii, koma dziko latha! Atsekwe a chaka chino anenepa!"

"Mupatseni kakang'onoko, akaphere abuluzi kuseri kwa bafa!"

"Chemwali, yaikuluyo musaigwire, ingakugwetseni chagada. Imeneyo ndi ya amuna."

Makutu a Rozaria anatentha. Anang'amba mapepala awiri, najambula kamzere kozungulira pakati pa lililonse pogwiritsa ntchito chitsekerero cha botolo. Anawakhoma pachulu ndi minga, nawerenga mapazi makumi awiri.

Anayamba ndi yaing'ono. Anaithyola mosavuta, kha! Anaika chipolopolo, nalunjika, nawombera. Inangoti thi! ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Kasanu konse zinayenda chimodzimodzi. Asodzi sanapite n'komwe kukaona pepala.

"Yatsokomola!" anatero wina, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

Kenaka anatenga yaikulu. Anaika tsinde lake pantchafu monga anaphunzitsidwira, nakoka mpope. Unatsika pang'ono n'kuima. Anakukuta mano, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma mpope unafika pakati basi.

Apa m'pamene anayenera kunena mokweza. Koma Goodman anali ataima kale pambali pake, msana wake utatchinga anthu. Anaika chala pamilomo, nasanjika dzanja lake pamwamba pa dzanja la Rozaria, nakankha. Kha!

A Makina ali pabwato paja anamva kulirako ndipo anagwedeza mutu.

Rozaria atawombera, mfutiyo inati pha! Inamukankha paphewa, galasi lija linatsala pang'ono kumugunda pachikope. Pachulu panabuka fumbi. Asodzi anakuwa.

"Eee! Mwana wa Makina ameneyo! Magazi sanama!"

Anthu omwe aja amene ankamuseka! Rozaria anamva kukoma mumtima, kukoma kumene anali asanakumvepo. Kanayi kotsatira Goodman anamuthandizanso mwakachetechete, ndipo kanayi konse anthu anaombera m'manja fumbi.

4. Pepala la yani?

Nthawi yomweyo bwato la matemba linakocheza, ndipo gulu lonse linathamangira kumadzi ndi mabeseni. Rozaria anapita yekha kuchulu.

Pepala la mfuti yaing'ono linali ndi mabowo asanu ogundana pakati penipeni, moti chitsekerero chimodzi chikanawaphimba onse. Pepala la yaikulu linali ndi mabowo atatu okha: limodzi pakona, awiri m'mphepete. Zipolopolo zina ziwiri zinaphonya pepala lonse.

Anabwerera pang'onopang'ono, pepala lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo.

"Ndipatse la yaikulu poyamba," anatero a Makina atatambasula dzanja.

Rozaria anayang'ana mfuti yakuda ija pachiguduli. Anayang'ana kumadzi kumene kunali asodzi. Kenaka anaika m'dzanja la abambo ake pepala la mabowo asanu.

Zala za a Makina zinayenda papepalapo n'kuima pakati. Anawerenga ndi nsonga ya chala. Nkhope yawo inawala.

"Asanu pamodzi! Ndi chimfuti chimenechi? Ha, mwana iwe!" Analandira pepala linalo, napapasa pakona ndi m'mphepete. "Kakang'onoka ndiye katha ntchito. Mpope wake uyenera kuti unapindika."

"Ndimanena ine, mdala," anatero Goodman, uku akumasula chingwe cha mbuzi msangamsanga.

"Taimani kaye, achimwene." A Makina anatenga mfuti yaikulu ija, naika tsinde pantchafu, nakoka mpope mpaka pakati. Anabuula pang'ono, naubweza mosamala. "Iyitu ndi yolimba. Ngakhale ine ikundimvetsa kuwawa. Rozaria, unaithyola wekha?"

"Eya, ababa."

"Kasanu konse?"

"Kasanu konse."

"Ndinamva ukupumira m'mwamba."

"Ndi dzuwali, ababa."

Goodman anayang'ana kumbali ngati akuwerenga mabwato. Mbuzi inalira.

"Chabwino," anatero bambowo potsiriza. "Mtima wanga sukuikonda, koma pepala lanena, iwenso wanena. Sunandinamizepo chibadwire. Tengani mbuzi yanu, achimwene."

Ana inu, kunamiza munthu woona n'koipa, koma iye mwina mawa adzadzionera yekha. Kunamiza munthu amene anakupatsa maso ake kuti umusungire, kumeneko ndi kumubera ali m'manja mwako. Rozaria anazidziwa zimenezi. Paulendo wobwerera mfuti ija inkamulemera paphewa koposa mmene inkalemerera kudoko.

5. Pamzere

Atsekwe amabwera kawiri, m'mawa ndi chakumadzulo. Dzuwa litapendeka, bambo ndi mwana anapita kumunda panjinga. Anaisiya pamtunda n'kuyenda pamzere wadothi wotchinga madzi pakati pa ndime. Mzerewo unali wonyowa ndi woterera. Anabisala kuseri kwa tsinde la bango, a Makina atakhala chonjuta kumanzere kwa mwana wawo.

Sanadikire nthawi yaitali. A Makina ndiwo anayamba kumva.

"Akubwera. Mapiko awo ndikuwamva. Achuluka bwanji?"

"Asanu ndi awiri, ababa. Atera pamtunda paja, pafupi ndi chulu chaching'ono."

"Kumbuyo kwawo kuli munthu?"

"Kulibe."

"Ithyole tsono. Mwakachetechete."

Rozaria anaika tsinde la mfuti pantchafu nakoka. Mpope unatsika pang'ono n'kukana. Anaubweza. Anapukuta manja pachitenje nayesanso. Chimodzimodzi. Phewa linali likuwawa kale chifukwa cha kukankhidwa kwa m'mawa kuja.

"Sindinamve kugwira," ananong'oneza a Makina.

"Ndikuithyola, ababa."

Kachitatu anachita zimene sanaphunzitsidwe. Anatsitsa tsinde la mfuti n'kulizika m'matope a pamzere, nagwira mpope ndi manja onse awiri, naugonera ndi thupi lonse. Unatsika, unatsika, mpaka kupitirira pakati. Pakamwa pa mfuti panatseguka. Koma kha uja sanamveke. Thukuta linali kamukamu, ndipo kubweza mpope bwinobwino sakanathanso.

"Chavuta n'chiyani? Yagwira kapena ayi?"

Rozaria anangopitiriza kuugonera mpope uja.

"Kapena mwalowa mchenga? Taima ndione."

Munthu wosaona akati ndione, amatanthauza manja. Rozaria analiona dzanja la abambo ake likubwera. Analiona likupeza tsinde la mfuti, likukwera pang'onopang'ono, chala chachikulu chili patsogolo. Mawu anali pakamwa pake penipeni. Yandikanika, talikirani. Mawu awiri okha! Koma kuwanena kunali kuvomera zonse za kudoko, ndipo anaganiza kuti akakankha kamodzi kokha igwira.

Anakankha. Tsinde la mfuti linaterereka m'matope. Mpope unapulumuka m'manja mwake n'kubwerera m'mwamba.

Phaa!

Atsekwe anauluka onse. A Makina sanakuwe. Anangoti "Mayo!" pansipansi, n'kugwada m'madzi. Chala chawo chachikulu cha kudzanja lamanja chinali chitapanidwa pakati pa zitsulo ziwiri.

"Ababa! Ababa inu!"

"Tsegula," anatero mano ali okukuta. "Menya mpope ndi chikhatho, ungotsegula pang'ono. Usakoke kwambiri."

Rozaria anamenya kawiri, pakamwa pa mfuti panatseguka, chala chinatuluka. Sindifotokoza mmene chinkaonekera. Magazi anali chuchuchu, madzi a m'ndime anafiira. Anang'amba chitenje chake n'kumanga dzanjalo, koma mfundo inamukanika kawiri. Mfuti anaisiya pomwepo m'matope.

6. Panjinga

Chipatala chaching'ono chinali pamtunda wa ola limodzi. Rozaria anawakweza abambo ake pakaliyala n'kuyamba kupalasa. Msewu unali wa mchenga, ndipo pena ankatsika n'kumakankha. Misozi inkangoyenda yokha.

A Makina anakweza dzanja lovulalalo pachifuwa. Atadutsa minda ya chinangwa, anayankhula ndi mawu ozizira.

"Rozaria."

"Ababa."

"Mfuti ija sinagwire."

"Sinagwire, ababa."

"Munthu amene anaithyola kasanu m'mawa sangalephere madzulo. Anakuthyolera ndani?"

Njinga inagwedera. Rozaria anatsika n'kuima pakati pa msewu.

"A Goodman."

"Kasanu konse?"

"Kasanu konse."

"Nanga pepala lija la mabowo asanu, linali la mfuti iti?"

Apa Rozaria analira mokweza ngati kamwana. "Linali la yaing'ono, ababa. Ndinasinthanitsa. Anthu aja ankandiseka, ndiye ndinafuna... Pepani, ababa. Ndikhululukireni."

Ankayembekeza kukalipiridwa. Akanakonda atamukalipira, ngakhale kumumenya kumene. Koma a Makina anangotembenuzira nkhope kumbali.

"Ndinaliyamikira pepala lija pamaso pa munthu amene ankadziwa," anatero. "Ndinati mwana wanga sanandinamizepo. Iye ali pomwepo, akumva." Anapuma mozama. "Palasa njinga. Magazi akutha."

Abambo ake atatsika pakaliyala kuti awoloke kamlatho ka mitengo, Rozaria anasendeza phewa lake monga mwa masiku onse. A Makina anagwira chishalo cha njinga.

7. Werengani ndinu

Anafika dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Namwino amene anali pantchito, mayi Ennie, anamasula chitenje chija, naona chalacho, naimba mluzu pang'ono.

"Chachitika n'chiyani, bambo?"

"Mfuti ya mbalame yandipana."

"Inu osaona, mumatani ndi mfuti?"

Mayi Ennie anayang'ana Rozaria, amene anali ataima pakhomo maso ali ofiira, chitenje chong'ambika, miyendo ili matope okhaokha. Anali mayi wamkulu, woona zambiri, ndipo sanafunsenso. Anangoti, "Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu," n'kuyamba kutsuka balalo.

Atamaliza kumanga, anakhala pampando n'kulankhula mosabisa.

"Bambo, fupa laphwanyika. Ine pano ndangoletsa magazi ndi kukubayani jakisoni. Chala ichi n'chofunika madokotala a kuchipatala chachikulu. Iwo ndiwo akaone ngati chingapulumuke kapena ayi. Musachedwe nacho. Galimoto yathu inyamuka mawa sikisi koloko m'mawa, ndipo mugona konkuno. Ntchito yanu ndi yotani?"

"Ndimaluka miono."

Mayi Ennie anayang'ana dzanjalo, nayang'ana pansi. Kenaka analemba kalata, naika mapiritsi m'timapepala tiwiri.

"Awa ndi opha ululu, awa ndi oteteza bala kuti lisaole. Kamwedwe kake ndalemba apa. Mtsikanayu ndi wa sukulu, eti? Bwera kuno, mwanawe, uziwawerengera abambo ako."

Rozaria anayandikira n'kutambasula dzanja.

"Ayi, amayi," anatero a Makina. Sanakweze mawu. "Werengani ndinu. Werengani pang'onopang'ono, kawiri, ndisunge m'mutu. Ndipo timapepalato mundipatse m'manja mwanga. Kena mukapinde pakona kuti ndizikasiyanitsa ndekha."

Dzanja la Rozaria linatsala m'malere. Zaka zitatu zonse, palibe pepala limene linalowa m'nyumba mwawo osadutsa m'maso mwake. Ululu umene anaumva pamenepo unaposa wa kumunda kuja, ndipo analibe woti amudandaulire, chifukwa anadzipangira yekha.

Mayi Ennie anawerenga kawiri monga anapemphedwera. Anapinda kapepala kamodzi pakona, naika tonse tiwiri m'dzanja lamanzere la a Makina. Kenaka anatenganso cholembera.

"Kuchipatala chachikulu safuna wodwala wopanda womuyang'anira, makamaka inu osaona. Pafunika munthu wokugwirani dzanja, wokuwerengerani zimene madokotala alemba, ndi wokuuzani zoona zake za chalachi akachimasula. Akazi anu ali kuti?"

"Ali ku Mozambique. Foni yawo sikugwira kumeneko."

"Ndiye ndilembe dzina la yani?"

Rozaria anaima chilili. Panja woyendetsa galimoto ya chipatala ankathira madzi m'injini, kukonzekera ulendo wa m'mawa. Cholembera cha mayi Ennie chinali chikudikira pamwamba pa kalata.

A Makina anayendetsa chala chawo chamanzere pakona yopindidwa ija.

"Pamenepo musalembepo kaye," anatero.